Safunsa adadya phula: kodi moyo udayambira pati?

Loweruka lapitali ndidapita kumsika kukagula thumba la chimanga pamodzi ndi mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa Fomu 4 amene ndimakhala naye. Mayi amene ndimawagula nthawi zonse atamasula thumba, ine ndidapisa dzanja n'kutulutsa chimanga chobowokabowoka, anankafumbwe ali yakaliyakali m'manjamu.

"Mayi, ichi ndiye chafumbwatu ichi. Mutsitseko mtengo," ndidatero.

"Iii achimwene, nanga ine ndalakwanji? Thumbali ndinasoka ndekha mwezi wa Juni, munalibe kachirombo ndi kamodzi komwe. Anankafumbwe amabadwa m'chimanga momwemo. Chimanga chikakhalitsa chimasanduka chokha."

Bambo wina wogulitsa usipa ndi milamba yowamba chapafupi pomwepo adavomereza, nati ngakhale nsomba ikayamba kununkha imabala yokha mphutsi. Ine ndidaseka n'kuwauza kuti nankafumbwe amabadwa kwa nankafumbwe mnzake, ndipo mphutsi ndi mwana wa ntchentche. Koma tili m'njira, thumba lili pa njinga, mnyamata uja adandiponyera funso: "Amalume, ngati chamoyo chilichonse chimabadwa kwa chamoyo chinzake, nanga choyambirira chenichenicho chinabadwa kwa ndani?" Ndisanayankhe adawonjeza kuti atafunsa funso lomweli pagulu la anzake opemphera, wamkulu wina adamuuza kuti mafunso otere ndi a anthu otayika. Tsopano akuti Biology azingoloweza kuti akhoze mayeso basi, osaikapo mtima.

Apa mpamene mtima wanga udawawa. Ine sukulu ya ukachenjede ndidaisiyira panjira m'chaka chachiwiri, bambo atatisiya ndalama ya fizi n'kusowa. Digiri ndilibe, koma kope langa la Chemistry ndikadali nalo ndipo kuwerenga sindidaleke. Choncho lero ndati ndimuyankhe mwanayu patsamba lino, pamodzi ndi inu nonse amene muli ndi funso lomweli koma mumaopa kulitulutsa pakamwa.

Tiyambe ndi mayi a chimanga aja. Musawaseke, chifukwa maganizo awo ndi omwe anthu ophunzira a ku Ulaya adali nawo kwa zaka pafupifupi 2,000, kuyambira kwa Aristotle wa ku Greece. Amene adayamba kuwagwedeza ndi dokotala wa ku Italy, Francesco Redi, m'chaka cha 1668. Iyeyu adaika nyama m'mabotolo, ena otsekula, ena ovindikira ndi kansalu kopyapyala. Mphutsi zidaoneka pa nyama yokhayo imene ntchentche zimatha kuterapo. Patapita zaka pafupifupi 200, Louis Pasteur wa ku France adawiritsa msuzi m'mabotolo a khosi lopindika ngati la tsekwe, loti mpweya umalowa koma fumbi limakodwa panjira. Msuziwo sudasase. Atathyola khosi la botolo, tizirombo tidaswana. Ntchito imeneyi idampezetsa mphoto m'chaka cha 1862. Za nankafumbwe nazo n'zodziwika: wamkazi amaboola njere, kuikiramo dzira n'kumata pabowopo, ndipo nthawi zambiri izi zimayambira kumunda chimanga chisanakololedwe. Mayi aja adasokera mazira m'thumba osadziwa.

Tsono Pasteur potseka khomo limodzi adatsekula lina, lomwe mwana wa mchemwali wanga waima pakhomo pake. Ngati lero moyo suphuka wokha, udayamba bwanji poyambapo?

Choyamba tidziwe kutalika kwa nthawi imene tikukamba. Dziko lino lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni. Inu a geni mumadziwa kuwerenga ndalama. Mutati muziwerenga ndalama imodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, osagona, osapita kukadya, kuti mufike pa 4.5 biliyoni pangatenge zaka zoposa 140. Chinthu chimene sichingachitike m'thumba la chimanga pa miyezi itatu chili ndi mpata wina ndithu pa nthawi yotalika chomwechi.

Chachiwiri, thupi la chamoyo lidapangidwa ndi zinthu wamba. Kale anthu amakhulupirira kuti zinthu za m'thupi zili ndi mphamvu yakeyake yoti munthu sangazipange kuchokera ku zinthu zopanda moyo. M'chaka cha 1828 katswiri wa ku Germany, Friedrich Wöhler, adatenthetsa mchere wina wotchedwa ammonium cyanate n'kupeza kuti wasanduka urea, chinthu chimene impso zimatulutsa mu mkodzo. Inde, urea yemweyo amene timalimbirana pa mzere nthawi ya dzinja kuti tikabereketse chimanga. Ndipo mukayang'ana pa thumba la feteleza wokulitsa uja wa 23:21:0+4S, manambalawo akunena za nitrogen, phosphorus ndi sulphur. Mukawonjezapo carbon, hydrogen ndi oxygen, mwatchula zinthu zisanu ndi chimodzi zimene zimapanga gawo lalikulu zedi la thupi lanu, la chambo, la bowa ndi la nankafumbwe yemwe. Funso tsono likhala lakuti: zinthu wambazi zidalumikizana bwanji mpaka kufika poyamba kudya ndi kuswana?

Charles Darwin m'buku lake la 1859 adafotokoza m'mene mitundu ya zamoyo imasinthira, koma za chiyambi cha moyo adazilambalala. Adangozikhudza m'kalata imene adalembera mnzake Joseph Hooker m'chaka cha 1871, m'mene adaganizira za kadziwe ka madzi ofunda kokhala ndi ammonia, michere ya phosphorus, kuwala, kutentha ndi magetsi. Adanenanso mfundo imene ikuyankha mayi a kumsika aja: zinthu zotere zitapangika lero, zamoyo zimene zilipo kale zingazidye nthawi yomweyo. Pamsika podzaza kale ndi mavenda, watsopano wopanda mpamba sapeza poyala. Pa dziko loyambalo padalibe wodya mnzake. Alexander Oparin wa ku Russia m'chaka cha 1924 ndi J.B.S. Haldane wa ku Britain m'chaka cha 1929, aliyense payekha, adakuza ganizoli ponena kuti m'mlengalenga wopanda oxygen, nyanja zakalezo zidadzaza pang'onopang'ono ndi zinthu zomangira moyo, ngati msuzi.

Zonsezi zidali zapakamwa mpaka m'chaka cha 1952, pamene wophunzira wa pa University of Chicago, Stanley Miller, adapempha mphunzitsi wake Harold Urey kuti ayesere. Miller adali mnyamata wa zaka 22 zokha, msinkhu wa ambiri a inu amene mukuwerenga nkhani ino pa kampasi. Adalumikiza mabotolo awiri ndi mapaipi a galasi. M'botolo lina adaikamo madzi owira kuimira nyanja, m'linalo mipweya ya methane, ammonia ndi hydrogen kuimira mlengalenga, n'kumathethetsamo magetsi kuimira ziphaliwali. Sabata isanathe madzi aja adasintha mtundu. Atawapima adapezamo ma amino acid monga glycine ndi alanine, amene ndi njerwa zomangira mapuloteni. Zotsatirazi zidasindikizidwa m'chaka cha 1953, chaka chomwecho chimene James Watson ndi Francis Crick, pogwiritsa ntchito zithunzi za m'labotale ya Rosalind Franklin, adafotokoza maonekedwe a DNA.

Chilungamo chake n'chakuti akatswiri ambiri pambuyo pake adaona kuti mlengalenga wakalewo udali ndi carbon dioxide ndi nitrogen wambiri kusiyana ndi mipweya imene Miller adasankha, ndipo m'mipweya imeneyi zokolola zimachepa. Sayansi imayenda chomwecho, wina akanena mnzake amapima. Komabe nkhani ya Miller sidathere pomwepo. Iye atamwalira m'chaka cha 2007, wophunzira wake wakale Jeffrey Bada adapeza timabotolo takale tosungidwa m'makatoni. Atatipima ndi makina amakono m'chaka cha 2008, m'timabotolo ta kuyesera kumene Miller adatsanzira nthunzi ya phiri lophulika mudapezeka ma amino acid 22, ochuluka kuposa amene mwini wakeyo adatha kuwaona.

Abale athu a ku Nkhata Bay amadziwa kuti chinangwa chowawa sadya chosaviika, chifukwa chimatulutsa poizoni. Poizoni ameneyu ndi hydrogen cyanide. Chodabwitsa n'chakuti m'chaka cha 1961 Joan Oró, katswiri wochokera ku Spain amene amagwira ntchito ku Houston, adasakaniza poizoni yemweyu ndi ammonia m'madzi n'kupeza adenine, chimodzi mwa zilembo zimene DNA imalembera malangizo a thupi. Chimene chimapha munthu lero chikuoneka kuti chidali mwa zipangizo zoyambira moyo.

Njerwa zina zidagwa kuchokera kumwamba, ndipo apa sindikuphiphiritsa. Pa 28 Sepitembala 1969 mwala udagwa kuchokera mumlengalenga pafupi ndi tauni ya Murchison ku Australia, ndipo m'zidutswa zake mudapezeka ma amino acid a mitundu yambirimbiri. Okayika adati mwina mwalawo udadetsedwa ndi dothi la pansi pano. Pofuna kuthetsa mkangano, akatswiri adatumiza zombo kukatapa dothi komweko. Chombo cha Japan chotchedwa Hayabusa2 chidabweretsa dothi la ku chimwala cha Ryugu mu Disembala 2020, ndipo cha America chotchedwa OSIRIS-REx chidabweretsa la ku Bennu mu Sepitembala 2023. Mu Januwale 2025 adalengeza kuti m'dothi la ku Bennu muli ma amino acid 14 mwa 20 amene zamoyo zimamangira mapuloteni, komanso zilembo zonse zisanu za DNA ndi RNA. Kunena mwachidule, njerwa za moyo zimaumbika zokha paliponse pamene pali zipangizo ndi mphamvu.

Koma aliyense amene adaumbitsapo njerwa akudziwa kuti uvuni wa njerwa si nyumba. Apa ndiye pagona nkhani. M'selo ya chamoyo, DNA ndiye buku la malangizo, mapuloteni ndiwo amisiri. Kuti DNA ikopedwe pamafunika mapuloteni, ndipo kuti mapuloteni apangidwe pamafunika malangizo a DNA. Ndi nkhani ija ya nkhuku ndi dzira. Mfundo yomasula mfundoyi idabwera kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, pamene Thomas Cech ndi Sidney Altman adapeza kuti RNA, mbale wake wa DNA, imatha kugwira ntchito ziwiri zonsezi: kusunga malangizo komanso kudula ndi kulumikiza zinthu ngati mmisiri. Awiriwa adalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1989. Ili ngati hokala ya munthu mmodzi, mwini wake yemweyo ndiye wolemba m'kaundula, yemweyonso wogulitsa. M'chaka cha 2000 zidatsimikizika kuti m'makina a m'selo opangira mapuloteni, otchedwa ribosome, mbali yeniyeni yolumikiza ma amino acid ndi ya RNA. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amati RNA ndiyo idatsogola, DNA ndi mapuloteni n'kubwera pambuyo. M'chaka cha 2009 gulu la John Sutherland ku Manchester lidaonetsa njira imene ziwiri mwa njerwa zinayi za RNA zingapangikire kuchokera ku zinthu wamba, mothandizidwa ndi phosphate ndi kuwala kwa dzuwa.

Chinanso chofunika ndi mpanda, pakuti katundu wosatchingira amamwazika. Apa chitsanzo chili pa beseni lochapira. Sopo amapangidwa ndi mafuta, ndipo kachidutswa kake kalikonse kali ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wodana ndi madzi. Tizidutswa ta mafuta a mtundu umenewu tikachuluka m'madzi timadzisanja tokha n'kupanga timatumba tozungulira totsekera madzi m'kati. David Deamer wa ku California adapeza kuti ngakhale mafuta otengedwa m'mwala wa ku Murchison uja amapanga timatumba totere, ndipo gulu la Jack Szostak ku Boston lidaonetsa kuti timatumbati timatha kukula, kugawika ndi kusunga RNA m'kati mwake.

Nanga zidachitikira kuti? Apa akatswiri adagawikana ngati zipani. Ena akuti ndi m'maiwe a pamtunda, pafupi ndi akasupe a madzi otentha onga a ku Chiweta ku Rumphi, kumene madzi amadzaza n'kuphwa, kudzaza n'kuphwa. Kuphwako kumaunjika zinthu pamodzi n'kuzilumikiza kukhala maunyolo aatali. Ena akuti ndi pansi pa nyanja ya mchere. M'chaka cha 1977 sitima yoyenda pansi pa madzi yotchedwa Alvin idapeza akasupe otentha pafupi ndi zilumba za Galápagos, mumdima wandiweyani, koma modzaza zamoyo zodalira mphamvu ya mankhwala otuluka m'nthaka m'malo mwa dzuwa. M'chaka cha 2000 kudapezekanso akasupe ena pakati pa nyanja ya Atlantic, amene adawatcha Lost City, okhala ndi zipilala za miyala ya timabowotimabowo tonga tizipinda. Michael Russell ndi anzake amati tizipinda totere ndito tidali maselo oyamba, ndipo kusiyana kwa madzi a m'kati ndi a kunja kudali ngati batire. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni, ndipo mkangano ukupitirira.

Chimene onse amagwirizana n'chakuti pakangopezeka chinthu chotha kudzikopa, nkhani imasintha. Kukopa kulikonse kumakhala ndi zolakwika, monga amadziwira aliyense amene adakoperapo manotsi a mnzake. Zolakwika zambiri zimawononga, koma mwa apo ndi apo china chimathandiza kuti chokopedwacho chiswane msanga, ndipo chimenecho ndicho chimachuluka. M'zaka za m'ma 1960 Sol Spiegelman ku Illinois adaonetsa zimenezi ndi RNA ya kachirombo ka vairasi m'timabotolo. Atamaisamutsa botolo ndi botolo, RNA ija idataya mbali zosafunika, n'kufupika kwambiri, n'kumakopedwa mwaliwiro kuposa poyamba. Ife a Malawi sitifunika kupita ku Illinois kuti timvetse. M'chaka cha 1993 dziko lino lidakhala loyamba mu Africa kusiya chloroquine ngati mankhwala oyamba a malungo n'kutenga SP, amene ambiri timati Fansidar, chifukwa tizirombo ta malungo tidali titapima. M'chaka cha 2007 SP nayenso adalowedwa m'malo ndi LA pa chifukwa chomwecho. Tizirombo sitidachite msonkhano wogwirizana zopima. Tochepa tokhala ndi kusintha kothandiza tidapulumuka n'kuswana, tinzake n'kufa. Amene amati kusintha kwa zamoyo ndi nthano za azungu akafunse kuchipatala chifukwa chimene amatiuzira kuti tizimaliza mankhwala.

Umboni wa moyo wakalewo uli m'miyala, ndipo wina uli kwa anansi athu. Ku Pilbara, kumadzulo kwa Australia, kuli miyala yosanjikizana yotchedwa stromatolite imene idamangidwa ndi magulu a mabakiteriya zaka pafupifupi 3.5 biliyoni zapitazo. Mapiri a Barberton ku South Africa, kufupi ndi malire a Eswatini, ali ndi miyala ya zaka zoposa 3 biliyoni yokhala ndi zizindikiro za tizamoyo tating'onoting'ono. Ku Belingwe, kumene lero kumatchedwa Mberengwa ku Zimbabwe, kuli ma stromatolite a zaka pafupifupi 2.7 biliyoni. Umboni wina uli m'thupi mwanu. Zamoyo zonse zimene zidapimidwapo, kuyambira bakiteriya mpaka njovu, zimalemba malangizo ndi zilembo zofanana, zimawerenga zilembozo zitatuzitatu, ndipo zimamanga mapuloteni ndi ma amino acid omwewo. Izi zikuloza kwa kholo limodzi, limene akatswiri adalipatsa dzina lakuti LUCA. Kholo limeneli silidali chamoyo choyamba, koma ndi gogo amene mbumba yonse yotsalayi idachokera kwa iye.

Kwa nthawi yaitali dziko lidali la tizamoyo ta selo imodzi tokhatokha, ndipo mumpweya mudalibe oxygen. Kenaka mabakiteriya ena otchedwa cyanobacteria adayamba kugwiritsa ntchito dzuwa kuphwanya madzi, n'kumataya oxygen ngati zinyalala. Oxygen woyambayo adagwirana ndi chitsulo chosungunuka m'nyanja n'kupanga dzimbiri limene lidakhazikika pansi, ndipo miyala imeneyo ndiyo imakumbidwa lero m'migodi ikuluikulu ya chitsulo. Cha m'ma 2.4 biliyoni zaka zapitazo oxygen adayamba kuunjikana mumlengalenga. Kwa zamoyo zambiri za nthawiyo adali poizoni, koma zina zidaphunzira kupuma naye. M'chaka cha 1967 mayi wina, Lynn Margulis, adalemba kuti timagawo ta m'maselo athu totulutsa mphamvu, totchedwa mitochondria, kale tidali mabakiteriya odziimira paokha amene adalowa m'selo ina n'kukhazikika momwemo ngati mkamwini. Magazini ambiri a sayansi adamukanira nkhani yakeyo, koma pambuyo pake zidatsimikizika, pakuti mitochondria ali ndi DNA yawoyawo yofanana ndi ya mabakiteriya. Nyama zokhala ndi zigoba ndi maso zidachuluka zaka pafupifupi 540 miliyoni zapitazo. Chibwano cha munthu wakale chimene chidafukulidwa ku Uraha m'boma la Karonga m'chaka cha 1991 chili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni zokha. Pa mbiri ya moyo, ife anthu ndi alendo ofika dzulo madzulo.

Tsopano ndichenjeze mbali zonse ziwiri. Wina akakuuzani kuti asayansi adalenga moyo m'botolo, akukunamizani. Palibe labotale imene idatengapo zinthu wamba n'kutulutsa selo yamoyo. Ngakhale gulu la Craig Venter, limene lidamveka kwambiri m'chaka cha 2010, lidangopanga DNA n'kuiika m'selo ya bakiteriya imene idali yamoyo kale. Pakati pa njerwa ndi nyumba pakadali phompho, ndipo asayansi oona mtima amanena poyera. Koma winanso akakuuzani kuti kufunsa za phompholi ndi tchimo, mufunseni kuti akuopa chiyani. Gregor Mendel, amene adatulukira malamulo a m'mene ana amatengera makolo, adali wansembe wolima nsawawa m'dimba la nyumba ya amonke. Papa John Paul II m'chaka cha 1996 adauza akatswiri a sayansi a ku Vatican kuti chiphunzitso cha kusintha kwa zamoyo chili ndi umboni wochuluka woti sichingatchedwenso ganizo chabe. Sayansi imafufuza m'mene zinthu zidachitikira. Za cholinga cha moyo, aliyense ali ndi ufulu wokafunsa ku tchalitchi, ku mzikiti kapena kwa agogo ake.

Chimene ine ndikukana ndi mwana wa Fomu 4 kuphunzira mwamantha. Dziko limene ana ake amaloweza sayansi osaikhulupirira lidzakhalira kuitanitsa akatswiri akunja kudzatiuza chifukwa chimene mankhwala athu alekera kugwira ntchito, ndi chifukwa chimene chimanga chathu chikufumbwira. Stanley Miller sadali ndi zida zodula: mabotolo, mapaipi, magetsi ndi mphunzitsi womulola kuyesa. Ine mwayi umenewo udandipulumuka, ndipo sindifuna kuti mwana wa mchemwali wanga autaye yekha chifukwa wina wamuopseza.

Lolemba ndidabwerera kumsika kukawafotokozera mayi aja za dzira lobisika m'njere. Ndidawauza kuti chaka chamawa aumitse chimanga mokwanira n'kuchisunga m'matumba aja osalowa mpweya, kuti anankafumbwe akaswa abanike. Adandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, mwalankhula bwino, koma mtengo sinditsitsa." Kunyumba ndidapeza mnyamata uja atafukula kope langa lakale la Chemistry, ndipo mpaka lero sadandibwezere.